Dzanzi lobwera n'kutha lokha lingakhale chiyambi cha multiple sclerosis

Akonzi,

Pali matenda amene munthu amatha kuyenda nawo m'zipatala zaka zisanu dzina lake osatchulidwa. Chaka chino diso limodzi lachita nkhungu, wapita kwa a maso, pomatha mwezi layera. Chaka chinacho mwendo wachita dzanzi, wauzidwa kuti mwina ndi msana, pakutha pa milungu itatu dzanzi lija latha. Kenako mkodzo wayamba kuvuta kuugwira, walandira mankhwala a chikhodzodzo. Aliyense amene wamuona wachiza chimene wachiona, ndipo wodwalayo sanaone chifukwa chouzira dokotala wa mwendo za diso limene linachira kalekale. Umo ndi mmene multiple sclerosis, imene mwachidule amati MS, imazembera. Ndiloleni ndifotokozere owerenga anu, makamaka azaumoyo amene amayamba kuona wodwala asanafike kwa katswiri, mmene matendawa amaonekera ndi mmene amawapezera.

Vuto lake lili pa mitsempha yonyamula mauthenga, ya mu ubongo, ya m'chingwe chodutsa mkati mwa fupa la msana, ndi imene imalumikiza diso ndi ubongo. Mitsempha imeneyi ndi yokutidwa ndi chikuto cha mafuta chotchedwa myelin, monga mmene waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Chikutocho ndi chimene chimathamangitsa uthenga. Pa MS chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kudya chikuto cha mwini wake. Pamalopo pamatupa, uthenga umachedwa kapena kudukiratu. Kutupa kukaphwa thupi limakonzako, munthu n'kumva bwino, koma pamatsala chipsera cholimba. Dzina la matendawa likunena zimenezo: zipsera zolimba za m'malo ambiri. Amene anawafotokoza momveka bwino koyamba ndi Jean-Martin Charcot, ku Paris, mu 1868.

Chiwerengero cha mu 2020 chinasonyeza kuti padziko lonse anthu pafupifupi 2.8 miliyoni ali ndi MS. Imakonda kuyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, ndipo akazi imawagwira kawiri kapena katatu kuposa amuna. Si yopatsirana. Si ya kumtundu kwenikweni, ngakhale magazi amathandizirako: mwa mapasa ofanana, mmodzi akadwala, mnzake amadwalanso pa mapasa amodzi mwa anayi alionse, pomwe kwa m'bale wamba mpata ndi wochepa kwambiri. Kusuta fodya, kuchepa kwa vitamini D ndi kunenepa kwambiri paunyamata zimawonjezera chiopsezo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2022, wotsatira asilikali a ku America oposa 10 miliyoni, anapeza kuti chiopsezo cha MS chimakwera maulendo 32 munthu akatenga kavairasi ka Epstein-Barr. Izi zisaopseze aliyense. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense anakatengapo kale, ndipo ambiri sadwala MS.

Kale ophunzira udokotala ankauzidwa kuti awa ndi matenda a azungu a m'maiko ozizira. Zoona, amachuluka m'madera amene ali kutali ndi equator, mzere wodutsa pakati pa dziko lapansi. Koma munthu wa khungu lililonse amadwala, ndipo kumene kulibe makina a MRI, ojambula mkati mwa ubongo ndi msana, ndi akatswiri a ubongo, chiwerengero chimatsika chifukwa palibe wowapeza. Dokotala amene anamangirira mumtima kuti kwawo kulibe MS sadzaiona ngakhale itakhala pampando patsogolo pake.

Chinthu choyamba kufunsa ndi nthawi. Odwala pafupifupi 85 pa 100 alionse amayamba ndi mtundu wobwera n'kupita. Chizindikiro chimakula pang'onopang'ono kwa maola kapena masiku angapo, chimaima pamenepo kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako chimazimiririka kwa milungu kapena miyezi. Kuti madokotala anene kuti matenda auka, chizindikirocho chiyenera kukhalapo maola osachepera 24, munthu alibe kutentha thupi kapena matenda ena oyambitsidwa ndi tizilombo, ndipo payenera kupita masiku 30 kuchokera pa kuuka kwa m'mbuyo. Dzanzi la mphindi zisanu chifukwa chogonera mkono si MS. Dzanja kapena nkhope kufa mbali imodzi mwadzidzidzi, m'mphindi imodzi, ndi sitiroko, ndipo kumeneko n'kothamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Dzanzi loyamba m'zala za mapazi onse awiri n'kumakwera kwa zaka, ngati munthu wavala sokosi, nthawi zambiri ndi shuga kapena mowa. Otsala aja, 10 mpaka 15 pa 100, alibe za kuuka ndi kupola. Iwo miyendo imangolemera chaka ndi chaka, ndipo amakonda kuyamba atakwanitsa zaka 40.

Diso ndi limene limaulula msanga ngati wina akudziwa chofunsa. Mtsempha wa diso ukatupa, nthawi zambiri ndi diso limodzi. Limapweteka kumbuyo kwake, ndipo ululu umakula poliyendetsa uku ndi uku. Pakati pa chimene munthu akuyang'ana pamachita mbuu, m'mbali mukuoneka. Mitundu imasuluka, makamaka wofiira. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsekani diso limodzi, yang'anani chinthu chofiira, kenako sinthani. Diso lodwala limaona chofiiracho ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri. Kuona kumaipiraipira kwa masiku mpaka milungu iwiri, kenako kumayamba kubwerera kusanathe mwezi. Chosocheretsa n'chakuti diso lenilenilo silifiira, silitulutsa manthongo, ndipo mwa odwala awiri pa atatu, dokotala akasuzumira mkati ndi chipangizo chake amapeza zonse zili bwinobwino, poti kutupako kuli kumbuyo kumene sangaone. Apa tochi wamba imathandiza. M'chipinda cha mdima pang'ono, walitsani diso lamoyo masekondi atatu, ana a maso onse awiri achepa. Sunthirani tochi msanga ku diso lodwala. M'malo mokhalabe wochepa, mwana wa diso amakula, chifukwa mtsempha wodwala ukuuza ubongo kuti kuwala kwachepa. Magalasi sathandiza vuto limeneli, ndipo kulembera wodwala wotere magalasi ndi kumutayitsa nthawi.

Dzanzi la MS lili ndi mayendedwe akeake. Likhoza kuyamba kuphazi limodzi, mawa lafika m'bondo, mkuja lawolokera mwendo wina, n'kukaima m'chiuno kapena pachifuwa pamzere umene wodwala angathe kuuloza ndi chala. Ena amamva ngati nyerere zikuyenda pakhungu, ena ngati akuponda thonje, ena ngati wina wawamanga lamba wothina m'nthiti. Dzanja likhoza kukhala ndi mphamvu zake zonse koma n'kumalephera kumanga mabatani kapena kuzindikira kiyi m'thumba popanda kuyang'ana. Pali chizindikiro china chimene odwala sachitchula poopa kusekedwa: akaweramitsa khosi kuti chibwano chifike pachifuwa, amamva ngati shoko ya magetsi yatsika msana mpaka m'miyendo, kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Chimatchedwa ndi dzina la Jean Lhermitte, amene anachilemba mu 1924. Chimasonyeza kuti chingwe cha msana chili ndi vuto cha m'khosi. Sichinena kuti ndi MS basi, pakuti kuchepa kwa vitamini B12 ndi mafupa a khosi opanikiza chingwecho amachitanso chimodzimodzi, koma mwa munthu wa zaka 25 n'chofunika kuchitsata.

Kutentha nako kumaulula. Mtsempha wosupuka chikuto umagwira ntchito movutikira, ndipo thupi likangotentherako ngakhale theka la digiri, uthenga umaduka. Munthu akasamba madzi otentha, akathamanga kapena akakhalitsa padzuwa, diso lija limene linachira limachitanso nkhungu, mwendo umalemeranso. Akazizidwa, pasanathe ola zonse zabwerera m'malo. Wilhelm Uhthoff anazilemba izi mu 1890. Kumeneku si kuuka kwa matenda ndipo sikuwononga chilichonse chatsopano. Chimodzimodzi matenda a m'njira ya mkodzo kapena chimfine chotenthetsa thupi zimadzutsa zizindikiro zakale. N'chifukwa chake wodwala MS akabwera akuti zayambiranso, choyamba ndi kumuyeza kutentha thupi ndi mkodzo, mankhwala amphamvu asanakhudzidwe.

Zina ndingozitchula mwachidule. Kuona zinthu ziwiriziwiri poyang'ana kumbali, diso limodzi likulephera kulowera kumphuno pomwe linzake likugwedezeka. Chizungulire cha masiku angapo. Kudzandira ngati woledzera munthu asanalawe dontho. Dzanja kunjenjemera likamayandikira chimene likufuna kugwira. Ululu wobaya ngati mphezi mbali imodzi ya nkhope mwa munthu wachinyamata. Phazi kukhwekhwereza pansi ukayenda mtunda, mpaka nsapato imodzi kutha kutsogolo. Miyendo kuuma ndi kukokana usiku. Mkodzo kubwera mwaphuma osapereka mpata, kapena kutsalira m'chikhodzodzo. Kudzimbidwa, ndi kuchepa kwa mphamvu za m'banja. Kwa amayi, matenda amakonda kugona m'miyezi itatu yomaliza ya pakati n'kudzuka m'miyezi itatu yoyamba atabereka, choncho dzanzi kapena vuto la diso la mayi wa khanda lisamangotchedwa kutopa kwa uchembere.

Kutopa kwenikweniko ndi kumene kumazunza ambiri, ndipo ndi kumene anthu sakukhulupirira. Munthu wagona bwino usiku wonse, koma pofika masana thupi lili zii ngati batire yatha. Kuiwalaiwala, kuchedwa kuganiza ndi kukhumudwa zimabwera nawo. Komabe kutopa pakokha sikokwanira kuganizira MS. Kuchepa magazi, chithokomiro, kusowa tulo ndi nkhawa zimatopetsa anthu ochuluka kwambiri kuposa MS.

Tsono amaipeza bwanji? Palibe kuyeza kumodzi, kwa magazi kapena kwa makina, kumene kumati uyu ali ndi MS. Madokotala amatsata mfundo zotchedwa McDonald, zimene zinakhazikitsidwa mu 2001 n'kukonzedwanso mu 2005, 2010, 2017 ndi 2024. Mutu wake ndi wakuti pakhale umboni woti matenda agwira malo osiyanasiyana a ubongo ndi msana, kuti ndi opitirira osati ongochitika kamodzi (ngakhale za 2024 sizifunanso umboni umenewu nthawi zonse), ndiponso kuti palibe matenda ena amene angafotokoze bwino zimene zikuonekazo.

Ntchito imayamba ndi pakamwa ndi manja. Dokotala wabwino amafunsa za zaka za m'mbuyo mwatchutchutchu: kodi diso linayamba lachitapo nkhungu, munayamba mwaonapo ziwiriziwiri, mwendo unayamba wafapo dzanzi kupitirira tsiku? Kenako amayeza. Akagogoda pabondo ndi kanyundo mwendo umadumpha mopitirira muyezo. Akakanda kunsi kwa phazi kuchokera kuchidendene, chala chachikulu chimaloza m'mwamba m'malo mopindikira pansi. Kachitsulo konjenjemera akakaika pakakolo wodwala sakamva. Amamuyendetsa mondondozetsa mapazi pamzere, amamuimika atatsinzina, amamuuza kuti agwire mphuno yake kenako chala cha dokotala. Zonsezi sizitenga mphindi 20, ndipo nthawi zambiri zimaonetsa chipsera cha malo amene wodwala sanadandaule nawo.

Kenako MRI. Apa ndinene mosabisa: sikani ya CT siona bwino zipsera za MS, ndipo kuuza munthu kuti ubongo wake uli bwino chifukwa CT yatuluka yoyera n'kulakwitsa. Ekisileyi ya msana imaonetsa mafupa okha. Pa MRI ajambule ubongo ndi chingwe cha msana chomwe, osati ubongo wokha. Zimatenga mphindi 30 mpaka ola, makina amachita phokoso, ndipo wodwala anene ngati ali ndi chitsulo chilichonse m'thupi kapena kachipangizo kothandiza mtima. Zipsera za MS zimakhala zobulungira motalikirako ngati dzira, zosachepera mamilimita 3, ndipo zili ndi malo amene zimakonda: mogundana ndi mphako za madzi za pakati pa ubongo, pamene zimaima ngati zala zotambasuka; mogundana ndi chigawo chakunja cha ubongo; kutsinde la ubongo ndi kaubongo ka kunkhongo; ndi m'chingwe cha msana. Mfundo za 2017 zinkafuna zipsera m'malo awiri mwa anayi amenewa. Za 2024 zawonjezera mtsempha wa diso kukhala malo achisanu, ndipo zikulola kuyang'ana kamtsempha ka magazi kodutsa pakati pa chipsera, kamene kamapezeka kwambiri pa MS kuposa pa matenda ena.

Za nthawi, amabaya utoto wa gadolinium mumtsempha wa magazi. Chipsera chatsopano chimamwa utoto n'kuwala, ndipo chimatero kwa milungu pafupifupi inayi yokha. Chakale sichiwala. Chithunzi chimodzi chikaonetsa zowala ndi zosawala, ndiye kuti matenda agunda kawiri pa nthawi zosiyana. Njira ina ndi kujambulanso patapita miyezi 3 mpaka 6 n'kuyerekeza ndi chithunzi choyamba. Utotowu sabaya mayi woyembekezera popanda chifukwa chachikulu, ndipo wa vuto la impso amayamba amuyeza kaye.

Madzi a pamsana anthu amawaopa, poganiza kuti singano ipha miyendo. Chingwe cha msana chimathera pamwamba pa chiuno, pa mfundo yoyamba kapena yachiwiri ya mafupa a kumunsi kwa msana (L1 kapena L2), pomwe singano imalowa m'munsi mwake, pakati pa L3 ndi L4 kapena L4 ndi L5. Chimene chimavutitsa ena ndi mutu wopweteka ukaimirira n'kuleka ukagona, umene nthawi zambiri umatha pasanathe sabata, ndipo singano yopyapyala yosacheka imauchepetsa. M'madzimo amafufuza mizere ya mapuloteni a chitetezo yotchedwa oligoclonal bands, imene imapezeka mwa odwala MS pafupifupi 9 pa 10. Cholakwika chofala ndi kutumiza madzi okha ku labotale. Payenera kupita ndi magazi otengedwa nthawi yomweyo, chifukwa chofunika ndi mizere imene ili m'madzi koma m'magazi mulibe. Maselo oyera akapitirira 50 pa maikulolita imodzi, kapena mapuloteni akapitirira galamu imodzi pa lita, dokotala aganize za matenda ena. Pali kuyezanso liwiro la uthenga wa diso: wodwala amayang'ana mabokosi akuda ndi oyera akusinthana pa sikirini, tiwaya tili kunkhongo. Uthenga umayenera kufika m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Ukachedwa, mtsemphawo unadwalapo, ngakhale mwini wake anaiwala.

Magazi amayezedwa pofuna kuchotsa matenda ofanana nayo, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kuchepa kwa vitamini B12, HIV, chindoko, kavairasi ka HTLV-1, TB ya msana, likodzo lofika m'chingwe cha msana, lupus, sarcoidosis ndi chotupa chopanikiza msana, zonsezi zikhoza kufooketsa miyendo ndi kusokoneza mkodzo. Zambiri mwa izo zili ndi mankhwala akeake, ndipo kuzipatsa mankhwala otsitsa chitetezo poganiza kuti ndi MS ndi kuthira mafuta pamoto. Miyendo yonse iwiri ikafooka m'masiku ochepa mkodzo n'kutsekeka, musadikire tsiku la kiliniki, chifukwa ngati pali chopanikiza chingwe maola ndi amene amapulumutsa miyendo.

Matenda amene amanamiza kwambiri ndi neuromyelitis optica, amene amapezeka kwambiri mwa anthu a makolo a ku Africa ndi ku Asia kuposa mwa azungu. Nawonso amagwira diso ndi msana, koma mwaukali: maso onse awiri, kapena limodzi kuchita khungu lenileni osabwerera bwino, miyendo kufa kwathunthu, nthawi zina ntchirichiri ndi kusanza kosaleka kwa masiku. Pa MRI chipsera chake cha msana chimatalika mfundo zitatu kapena kuposa, pomwe cha MS sichikonda kupitirira ziwiri. Kuyambira 2004 pali kuyeza magazi kofufuza asilikali a m'thupi oukira puloteni yotchedwa aquaporin-4, ndipo pali kwinanso kwa puloteni ina yotchedwa MOG. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa mankhwala ena a MS, monga interferon beta, natalizumab ndi fingolimod, amakulitsa neuromyelitis optica.

Kulakwitsa kumachitikanso mbali inayo. Timadontho toyera pa MRI timapezeka mwa anthu a mutu waching'alang'ala, othamanga magazi, osuta ndi okalamba, koma timakhala tating'ono, tomwazikana pakatikati, osagundana ndi mphako za madzi. Kafukufuku wa mu 2019 m'zipatala ziwiri za ku Los Angeles anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amene anabwera atauzidwa kale kuti ali ndi MS analibe matendawa, ndipo ambiri mwa iwo anali atamwa mankhwala ake kwa zaka. Lipoti la wojambula likati "mwina ndi MS", limenelo ndi funso lopita kwa katswiri wa ubongo kuti aliyerekeze ndi mbiri ya wodwala.

Matenda akauka mwamphamvu, amapereka methylprednisolone, mamiligalamu 1000 pa diripi tsiku lililonse kwa masiku 3 mpaka 5, kapena mamiligalamu 500 akumwa kwa masiku 5. Amafulumizitsa kuchira, koma sasintha pamene munthu adzathere, ndipo amakweza shuga ndi kusowetsa tulo. Amazimitsanso kuwala kwa utoto pa MRI, choncho ngati n'kotheka kujambula kuyambe. Kumva bwino utalandira mankhwalawa si umboni wa MS, chifukwa matenda ambiri otupitsa, ngakhale khansa ina ya mu ubongo, amayamba agonja kaye chimodzimodzi. Mankhwala oletsa kuuka ndi ena. Oyamba anavomerezedwa mu 1993, lero alipo ambiri, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linaika cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab pamndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Sachiza MS, ndipo sabweza mtsempha umene unafa kale. Amateteza umene udakali moyo, ndiye chifukwa chake zaka zotayika munthu akuzungulira m'zipatala zimapweteka.

Kwa amene akuona zizindikiro zotere, pempho langa ndi lakuti mugule kope. Lembani tsiku limene chizindikiro chinayamba, mbali ya thupi, masiku amene chinatenga kuti chifike pachimake, tsiku limene chinatha, ndiponso ngati munali ndi kutentha thupi. Lembaninso zakale zimene munachira, ngakhale za zaka 10 zapitazo. Mukajambulidwa MRI pemphani zithunzi zenizenizo pa CD kapena pa fulashi, osati pepala la lipoti lokha, chifukwa katswiri adzafuna kuika chakale ndi chatsopano pambalimbali n'kuwerenga zipsera chimodzichimodzi. Ndipo kwa anzathu a m'zipinda zoonera odwala: wachinyamata akabwera ndi dzanzi la sabata yathunthu, musanalembe mavitamini, mufunseni za maso ake, mumuweramitse khosi, ndipo mumuvule nsapato mukande phazi.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu